Rudolf Laban ndi Sukulu Yake Yosula Aphunzitsi a Magule

Mphunzitsi aliyense amene adatulutsapo ana pabwalo kuti awaphunzitse gule amadziwa kuti kutha kuvina ndi kutha kuphunzitsa kuvina ndi maluso awiri osiyana. Katswiri wovina angathe kuimirira patsogolo pa ana makumi asanu, iwo nkumutsanzira tsiku lonse, koma osatolapo kanthu kokhalitsa. Munthu amene adathera zaka zambiri za moyo wake akulingalira za vuto limeneli ndiye Rudolf Laban, ndipo mbiri yake ili ndi zambiri zoti ife aphunzitsi tiphunzirepo, zabwino ndi zochenjeza zomwe.

Laban adabadwa pa 15 Disembala 1879 mumzinda wa Pressburg, umene lero ukutchedwa Bratislava, mu ufumu wa Austria ndi Hungary. Atate ake adali mkulu wa asilikali amene adagwira ntchito ya boma ku Bosnia, kotero mnyamatayu adakula akuona magule a mitundu yosiyanasiyana ya anthu a kumeneko. Atate akewo adafuna kuti mwana wawo atsate mapazi awo, ndipo iye adalowadi sukulu ya usilikali, koma sadakhalitseko. Adapita ku Paris kukaphunzira zojambulajambula ndi kamangidwe ka nyumba. Maphunziro amenewa adamuzoloweza kuyang'ana thupi la munthu monga momwe mmisiri amayang'anira nyumba, kuona pamene pali msinkhu, pamene pali mulifupi, ndi pamene kulemera kwatsamira.

Ali ndi zaka pafupifupi 30 adakhazikika ku Munich, ndipo kumeneko ndiko adadzipereka kwathunthu pa zovinavina. M'masiku amenewo gule wolemekezeka ku Ulaya adali bale, amene amafuna kuti wophunzira aloweze masitepe oikika kale. Laban adaganiza kuti munthu aliyense, kaya ndi mlimi, kalaliki kapena mwana, ali ndi gule m'thupi mwake, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kumuthandiza kuti amutulukire. M'chaka cha 1913 adayamba kuphunzitsa pa phiri la Monte Verità pafupi ndi Ascona ku Switzerland, kumene ophunzira ake ankavina panja, opanda nsapato, nthawi zina popanda nyimbo. Mmodzi wa iwo adali Mary Wigman, amene pambuyo pake adatchuka kwambiri ku Germany. Wina amene adadza kwa iye nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha adali Kurt Jooss.

M'zaka za m'ma 1920 sukulu zotchedwa ndi dzina la Laban zidafalikira m'mizinda yambiri ya ku Ulaya, ndipo zinkayendetsedwa ndi ophunzira ake akale. Iye adayambitsanso magulu aakulu a anthu wamba ovina pamodzi monga momwe kwaya imaimbira pamodzi. M'chaka cha 1928 adafalitsa njira yolembera gule papepala ndi zizindikiro, zosonyeza chiwalo chimene chikusuntha, kumene chikulowera ndi nthawi imene chikutenga. Njira imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito posunga magule kuti asaiwalike.

Pali mbali ina ya moyo wake imene siyenera kubisidwa. Mu 1930 adapatsidwa udindo woyang'anira magule pa nyumba yaikulu ya zisudzo zoimba ya boma ku Berlin. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, iye sadachoke monga adachitira Jooss, amene adakana kuchotsa anzake achiyuda pa gulu lake nathawa m'dzikomo. Laban adatsala, adalola kuti ana amene boma linkawasala chifukwa cha mtundu wawo achotsedwe m'kalasi ya ana ya pamalopo, ndipo kuyambira 1934 adagwira ntchito pansi pa unduna wa Joseph Goebbels. Kugonja kumeneku sikudamupulumutse. Mu 1936 adakonza gule wamkulu woti aonetsedwe pa nthawi ya masewera a Olympic ku Berlin, koma Goebbels ataonera zokonzekera adamuletsa. Laban adataya ntchito, ndipo mu 1937 adapita ku Paris ali wodwala ndi wosauka.

Amene adamutola ndi wophunzira wake yemwe uja, Jooss, amene panthawiyo adali ndi sukulu ku Dartington Hall ku England. Laban adafika kumeneko mu 1938, ndipo adakumana ndi Lisa Ullmann, mphunzitsi wochokera ku Berlin amene adasulidwa m'njira zake. Mayi ameneyu adakhala mnzake wa pantchito mpaka imfa idawalekanitsa. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri akazi ambiri adalowa m'mafakitale kukagwira ntchito zolemetsa zimene kale ankagwira amuna. Laban, pamodzi ndi F. C. Lawrence wa ku Manchester, adayamba kupenyetsetsa momwe antchito amanyamulira, kukankhira ndi kupumira, kuti awathandize kugwira ntchito osadzipweteka. Zimene adapeza adazilemba m'buku lotchedwa Effort mu 1947.

Pa kafukufuku ameneyu padatuluka chida chimene mphunzitsi angachigwiritse ntchito ngakhale alibe chipangizo chilichonse. Laban adaonetsa kuti kusuntha kulikonse kwa thupi kungathe kuyesedwa ndi mafunso anayi. Kodi nkwamphamvu kapena kopepuka? Kodi nkwadzidzidzi kapena kwapang'onopang'ono? Kodi kukulunjika malo amodzi kapena kukuzungulirazungulira? Kodi kukuyenderera momasuka kapena nkogwiririka? Pophatikiza mayankho a mafunso atatu oyambawo adapeza machitidwe 8, omwe ndi kumenya nkhonya, kukanikiza, kukwapula, kufinya, kugogoda, kutsetsereka, kusasa ndi kuyandama. Nkhonya ndi yamphamvu, yadzidzidzi ndi yolunjika, pamene kuyandama nkopepuka, kwapang'onopang'ono ndi kosalunjika. Mphunzitsi amene wagwira mfundozi ali ndi mawu ouzira mwana chimene chikusowa pa kavinidwe kake, m'malo mongomuuza kuti walakwa.

Mu 1946 Lisa Ullmann adatsegula sukulu yaing'ono ku Manchester yotchedwa Art of Movement Studio, ndipo Laban ankaphunzitsamo. Ophunzira ankavina okha tsiku ndi tsiku, ankaphunzira kupenya ndi kulemba kasunthidwe ka anzawo, ndiponso ankayesera kuphunzitsa. Mu 1948 Laban adatulutsa buku la Modern Educational Dance, m'mene adandandalika mitu 16 yoyambira pa zosavuta, monga kuzindikira ziwalo za thupi, kufikira pa zovuta, monga kuvina mogwirizana pagulu. Unduna wa zamaphunziro udavomereza maphunziro a pasukuluyi, ndipo aphunzitsi amene adali kale pantchito ankatumizidwa kukaonjezera luso. Mu 1953 sukuluyi idasamukira ku Addlestone m'chigawo cha Surrey.

Amene adadutsa m'manja mwa aphunzitsi awiriwa adalowera njira zosiyanasiyana. Joan Russell adakasula aphunzitsi pa koleji ya ku Worcester nalemba mabuku a magule a m'sukulu zapulayimale. Veronica Sherborne adatengera nzeruzi kwa ana olumala ndi ovutika kuphunzira. Jean Newlove adakaphunzitsa ochita zisudzo a gulu la Joan Littlewood, pamene Marion North adadzalowa m'malo mwa Ullmann monga mkulu wa sukuluyi mu 1973. Laban mwini adamwalira pa 1 Julayi 1958 ku Weybridge, ali ndi zaka 78. Sukulu ija idasamukira ku London, ndipo mu 2005 idaphatikizana ndi Trinity College of Music.

Njira yake idatsutsidwanso. Pofika zaka za m'ma 1970 akatswiri ena a ku Britain adadandaula kuti aphunzitsi osasulidwa mokwanira ankangolekerera ana kudumphadumpha m'dzina la ufulu, osawapatsa luso lenileni. Dandaulo limeneli ndi chenjezo kwa ifenso. Kupatsa ana mpata wotulukira gule wawo kumafuna mphunzitsi wokonzekera kwambiri kuposa kuwalowezetsa masitepe, pakuti ayenera kudziwa chimene akuyang'ana ndi funso limene afunse kenako. Wophunzira uphunzitsi amene akukonza phunziro la ingoma kapena chimtali angayambe ndi mafunso anayi aja: aone pamene phazi limaponda mwamphamvu, pamene chiuno chimapepuka, ndi pamene gulu lonse limaima mwadzidzidzi. Akatha kuziona yekha zimenezi, adzathanso kuthandiza mwana wamanyazi amene waima kumapeto kwa mzere.