THOMAS CHALMERS, MBUSA WA OSAUKA A KU GLASGOW

Thomas Chalmers anabadwa pa 17 March 1780 ku Anstruther, mudzi wa asodzi m'dziko la Scotland. Anaphunzira ku St Andrews, nalowa ubusa ku Kilmany m'caka ca 1803. Koma poyamba mtima wace unali pa masamu koposa pa nkhosa zace. M'caka ca 1809 anadwala nthenda yaikuru, ndipo ali cigonere anazindikira kuti analikulalikira Mpulumutsi amene iye mwini sanamdziwe. Pouka pa nthendayo anali munthu watsopano.

M'caka ca 1815 anaitanidwa ku mzinda wa Glasgow, ndipo mu 1819 anapatsidwa mpingo watsopano wa St John's, pakati pa anthu monga 10,000, ambiri a iwo amphawi, oomba nsaru ndi anchito wamba. Masiku aja osauka analandira ndalama kwa akuru a mzinda, anthu osadziwa nkhope zao kapena makomo ao. Chalmers anaona kuti mphatso yotere ikhutitsa mimba tsiku limodzi, koma iphunzitsa mbale kuiwala mbale wace. Tsono anapempha kuti mpingo wokha usenze osauka a m'dera lace.

Pokumbukira amuna asanu ndi awiri aja osankhidwa ku Yerusalemu kusamalira amasiye, anautsanso nchito ya atumiki. Anagawa dera lonse m'zigawo 25, ndipo ciri conse cinali ndi mkuru wa mpingo ndi mtumiki wace woyendera nyumba ndi nyumba. Munthu akadza kudzapempha, mtumiki anayamba wafunsa ngati ali nayo mphamvu, namfunira nchito. Ngati alibe mphamvu, anapita kwa abale ace kukawakumbutsa mangawa ao. Pambuyo pace anafika kwa anansi. Thumba la mpingo linatsegulidwa potsiriza, njira zonsezi zitalephera. Ndipo thumbalo silinadzazidwe ndi olemera ai, koma ndi makobiri amene osauka okha anaponya m'mbale pa mapemphero a madzulo. Anamanganso masukulu kumene makolo analipira pang'ono, pakuti anafuna kuti mwana wa mmphawi asalandire umphawi monga colowa.

Nchitoyi siinasowe zirema. Ena anadandaula kuti mafunso a atumiki anali ouma, kotero kuti osowa eni eni anacita manyazi, nakhala cete ndi njala yao. Ndiponso nchito zikatha mu mzinda wonse, abale ndi anansi anasauka pamodzi, ndipo panalibe wothangata mnzace. Chalmers anacoka mu 1823 kukaphunzitsa ku St Andrews, ndipo makonzedwe ace analekeka mu 1837. Koma iye sanataye mtima: mu 1844, ali nkhalamba, anayambanso nchito yomweyo ku West Port, dera la amphawi la ku Edinburgh.

Anatsogolera abusa oposa 450 amene anaturuka mu 1843 kukayamba Free Church, mpingo umene unatumiza amisyoni a Livingstonia ku Nyanja mu 1875. Anamwalira ali m'tulo mu May 1847.

Moyo wace ufunsa mpingo uli wonse funso limodzi: kodi atumiki adziwa maina ndi makomo a amasiye a m'cigawo cao, kapena adziwa ciwerengo ca zopereka cokha? Cifundo ca Cikristu ciyenda ndi mapazi cisanatambasule dzanja.