Todd Matshikiza, Wopeka Nyimbo Amene Anamwalira ku Lusaka

Ambiri a ife amene timaimba m'kwaya ya parishi kuno ku Mpanshya sitinamvepo dzina la Todd Matshikiza, cikhalireco munthu ameneyu anathera moyo wake m'dziko lathu lino. Anabadwira ku Queenstown, ku South Africa, mu 1921. Anaphunzira nchito ya uphunzitsi ku Lovedale, koma pambuyo pake anakhala mtolankhani wa magazini ya Drum ku Johannesburg.

Utolankhani umenewu ndi umene unamufikitsa m'khoti pa mlandu wa Ezekiel Dlamini, katswiri wa nkhonya wodziwika ndi dzina lakuti King Kong, amene anapha cibwenzi cake ndipo anafa pomira m'madzi ali mkaidi mu 1957. Moyo wa Dlamini unasanduka sewero la nyimbo la King Kong.

Nchito yake inayamba ndi anthu owerengeka. Harry Bloom analemba nkhani, Pat Williams analemba mau a nyimbo, ndipo Matshikiza anapeka maimbidwe ake pa piyano. Atatha izi, Stanley Glasser anayang'anira mbali ya nyimbo, Arnold Dover anaphunzitsa magule, pamene Leon Gluckman anali kuyang'anira sewero lonse la anthu oposa 70.

Povuta panali pokonzekera. Ambiri mwa oimbawo anali kugwira nchito masana, nabwera madzulo ali otopa, monga momwe mlimi amacokera kumunda kupita ku kwaya. Koma mlimi amabwerera kwake mwamtendere. Iwo aja, pokhala anthu akuda, akapezeka m'tauni usiku opanda pasi anali kugwidwa ndi apolisi. Anapirira conco mpaka pa 2 February 1959, pamene sewerolo linaonetsedwa koyamba pa University of the Witwatersrand. Miriam Makeba ndi Nathan Mdledle ndiwo anali patsogolo, Hugh Masekela akuliza lipenga. Mu 1961 linafika ku London.

Mwini nyimbo uja sanakondwere nazo zonse. M'buku lake la Chocolates for My Wife anaonetsa kuwawidwa mtima ndi mmene ena anasinthira nyimbo zake. Anacoka kwao mu 1960 kupita ku London, ndipo mu 1964 anabwera ku Zambia kudzagwira nchito pa wailesi. Mu 1967 anayamba kuyendayenda kusonkhanitsa nyimbo za makolo athu. Nchitoyo sanapite nayo patali, pakuti anamwalira ku Lusaka pa 4 March 1968, ali ndi zaka 46.