MBIRI YA MBUSA WILLIAM MURRAY NDI ENA A DZINA LOMWELO

Ambiri a ife kuno ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Mpingu tidamvapo dzina la Murray. Ena ana athu adaphunzira pa sukulu ya William Murray ku Nkhoma. Koma tikayamba kukamba za munthuyu timasemphana. Wina amati ndiye adayamba misyoni ya Mvera, wina amati adali dokotala, winanso amati adamasulira Buku Lopatulika. Onseŵa sanama, koma akunena anthu atatu osiyana a mtundu umodzi.

Kholo lawo adali Mbusa Andrew Murray amene adachoka ku Scotland nafika ku South Africa m'chaka cha 1822, nakhala mbusa pa Graaff-Reinet. Monga timachitira ife popatsa mwana dzina la agogo ake, m'banja limeneli mayina a Andrew ndi William adabwerezedwa kaŵirikaŵiri. Mwana wake wina, Andrew Murray wachiŵiri, adatchuka ndi kulemba mabuku, namwalira mu 1917, koma iyeyu sadagwire ntchito kuno. Amene adadza kuno ndi adzukulu.

Woyamba kufika adali Andrew Charles Murray, m'chaka cha 1888. Iye pamodzi ndi Mbusa Vlok adamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiŵere, pa 28 November 1889. Winanso adali William Murray wa mankhwala, dokotala amene adagwira ntchito ku Mvera ndi ku Nkhoma. Koma amene tifuna kumkumbukira makamaka ndi Mbusa William Hoppe Murray.

Iye adabadwa m'chaka cha 1866 ku South Africa, ndipo atate ake nawonso adali Mbusa William Murray. Adafika ku Mvera mu 1894 ali mnyamata wa zaka 28. Masiku amenewo kudalibe misewu ya galimoto. Ulendo udali wa pamadzi ndi wa pansi, malungo adali kupha anthu ambiri, ndipo nkhondo za pakati pa mitundu zidali zisanathe. Andrew Charles atabwerera kwawo, William ndiye adakhala mtsogoleri wa misyoni yonse kufikira pamene adapuma mu 1937. M'zaka zimenezo likulu lidasamuka ku Mvera kunka ku Nkhoma, ndipo ntchito idafalikira mpaka ku Malingunde, ku Mchinji ndi ku Dzenza, kufupi ndi kwathu kuno.

Ntchito yake yaikulu idali ya kumasulira. Poyamba misyoni iliyonse idali ndi timabuku take, ndipo Chinyanja cha ku Blantyre chidali chosiyana ndi cha kuno ku chigawo cha pakati. M'chaka cha 1900 atsogoleri a misyoni adagwirizana kuti pakhale Buku limodzi loti anthu onse azimva. Komiti yake adaitsogolera Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, koma katundu wolemera adamsenza William Murray.

Tiganize, amayi, kuvuta kwake. Buku lili ndi mabuku 66, ndipo lidalembedwa m'Chihebri ndi m'Chigriki. Liwu lililonse lidafunika kulipezera mnzake m'chilankhulo chathu, woti nkhalamba ya pamudzi imve, koma osapotoza tanthauzo. Munthu yemweyo adalinso kuyang'anira masukulu, aphunzitsi ndi mipingo. Chipangano Chatsopano chidatuluka mu 1907. Kuti atsirize Chakale, adapatuka nakakhala pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, kumene kudalibe phokoso. Mnzake wina amene adamthandiza, Mbusa Robert Napier wa ku Blantyre, adaphedwa pa nkhondo yaikulu mu 1918 osaliona Bukulo. Ntchito idatha mu 1919, ndipo Buku Lopatulika lathunthu lidasindikizidwa mu 1922. Adalikonzanso mu 1936.

Akulu adati mutu umodzi susenza denga. Mzungu yekha sakadatha kudziŵa kukoma kwa mawu athu. Pambali pake padali amuna a dziko lino amene adakhala naye zaka zambiri, kuyesa mawu ndi kumkonza pamene waphonya. Mayina awo ndi Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse. Dzina la Murray lili pa sukulu ndi m'mabuku, koma ndani mwa ife adamvapo mayina atatuŵa? Komabe tikamaŵerenga ndime ndi kuimva ngati akulankhula ndi agogo athu, tidziŵe kuti m'menemo muli thukuta lawo.

Phindu la Bukuli silidathere m'tchalitchi. Amayi ambiri a kumidzi amene sadapite patali ndi sukulu adaphunzira kuŵerenga ndi Buku lomweli. Lidafika ku Zambia, ku Mozambique ndi kwa abale athu amene adapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Lidathandizanso kuti Chicheŵa chikhale ndi kalembedwe kodziŵika.

William Murray adaonanso zina zokoma asanapume. Mu 1925 adadzozedwa abusa oyamba a dziko lino a chigawo cha Nkhoma, a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza, ndipo mu 1926 Nkhoma idaloŵa mu CCAP. Mwana wake wamkazi, Dr. Pauline Murray, adagwira ntchito ya udokotala pa Nkhoma, kuthandiza amayi ndi ana. Atagwira ntchito zaka 43, William adabwerera ku South Africa, ndipo adamwalira m'chaka cha 1947.

Tsono tikamva dzina la Murray tizifunsa kuti ndi uti, pakuti dzina limatha kukhala limodzi koma ntchito yake yense ndi yakeyake. Ndipo pofotokozera ana athu za William Murray, tisaleke kutchulanso Sande, Mwale ndi Chikuse. Tikapanda kutero ife amayi, amene timakhala ndi ana pamoto madzulo, mayina ameneŵa adzaiŵalika.