Henry Boyle ndi Makina Ogonetsera Odwala

A Henry Boyle anabadwira ku Barbados mu 1875, ndipo anaphunzira udokotala pa chipatala cha St Bartholomew's ku London. Masiku amenewo madokotala ambiri ankangodontheza mankhwala ogonetsa pakansalu kophimba mphuno ya wodwala, muyeso wake n'kumangoyerekeza. Mu 1917 a Boyle anakonza makina awo potengera a James Gwathmey a ku America. Okosijeni ndi nitrous oxide zinkatuluka m'masilinda, n'kuyezedwa, kenako n'kudutsa m'botolo la ether kupita kwa wodwala. Kuyezako n'kofunika chifukwa okosijeni akachepa, wodwala sadzukanso. A Boyle anamwalira mu 1941. Abale athu a ku Chileka ndi Lirangwe akamapita kukachitidwa opaleshoni ku Gulupu, tizikumbukira kuti makina ogonetsera a masiku ano amatsatirabe nzeru zawo.