Mbiri ya a Juan Trippe, amene anaumiriza kuti ndeke ya Jumbo ipangidwe

Ndeke yaikulu ya Boeing 747, yodziwika ndi dzina lakuti Jumbo, inapangidwa cifukwa ca khama la munthu amene sanali injiniya. Iye anali wamalonda wa ku America, a Juan Trippe, amene anatsogolera kampani ya Pan American, kapena kuti Pan Am, kwa zaka 41.

A Trippe anabadwa pa 27 June 1899 ku Sea Bright, m'cigawo ca New Jersey. Atate awo anali a nchito za mabanki ku New York. Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse anasiya maphunziro pa yunivesite ya Yale nakaphunzira kuyendetsa ndeke ku gulu la asilikali a pamadzi, koma nkhondo inatha asanapite kukamenya. Anatsiriza maphunziro mu 1921, nagwira nchito pang'ono ku misika ya ndalama, koma mtima wao unali ku ndeke.

Pan Am inayamba mu 1927 ndi nchito yocepa: kunyamula makalata kucokera ku Key West kupita ku Havana, m'dziko la Cuba. Patangopita zaka zisanu ndi zitatu, ndeke yao yotera pamadzi yochedwa China Clipper inaoloka nyanja ya Pacific kucokera ku San Francisco mpaka ku Manila. Mu 1946 anayambitsanso mahotela a InterContinental, dzina limene anthu a mu Lusaka alidziwa bwino, kuti okwera ndeke zao azikhala ndi pogona.

Masiku amenewo ulendo wa pandeke unali wa anthu olemera okha. A Trippe anali ndi ganizo limodzi lomwe sanalisiye moyo wao wonse: mtengo wa tikiti utsike kufikira munthu wamba atakwanitsa kulipira. Makampani a ku Ulaya anakana kwa zaka zingapo, ndipo mipando yotsika mtengo pa maulendo ooloka nyanja ya Atlantic inavomerezedwa mu 1952. Mu 1955 a Trippe anaitanitsa ndeke 45 za jeti, 20 ku Boeing ndi 25 ku Douglas, pamene ambiri anali kukayikabe. Mu October 1958 Boeing 707 ya Pan Am inayamba kuuluka pakati pa New York ndi Paris, ndipo okwera anacuruka kwambiri.

Apa m'pamene anaganiza za ndeke yoposa 707 kawiri ndi theka. Masamu ake anali osavuta. Oyendetsa ndeke ndi malo oterapo sizicuruka mofanana ndi mipando, motero anthu akacuruka m'ndeke imodzi, mtengo wonyamulira munthu mmodzi umatsika. Anakambirana ndi mnzao Bill Allen, mtsogoleri wa Boeing, ndipo mu April 1966 Pan Am inaitanitsa ndeke 25 pa mtengo wa madola 525 miliyoni. Ndekeyo inali ikali papepala. Ngakhale nyumba yoipangiramo kunalibe, kotero kuti Boeing inacita kumanga fakitale yatsopano ku Everett.

A Trippe anafuna ndeke ya nyumba ziwiri zosanjikizana kucokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Injiniya wamkulu, Joe Sutter, anakana, poona kuti kukakhala kovuta kuturutsa anthu mwamsanga pa ngozi. Iye anasankha thupi limodzi lotakata lokhala ndi tinjira tiwiri, ndipo a Trippe, amene sanali kugonja kawirikawiri, anavomera ataona cifaniziro ca matabwa. Cina cimene anthu ambiri sadziwa ndi ca linunda la pamutu pa ndekeyi. Pa nthawiyo ambiri anakhulupirira kuti ndeke zothamanga kuposa liwiro la mau, monga Concorde, zidzalanda okwera onse m'zaka zocepa, ndipo 747 idzasanduka yonyamula katundu. Ndiye cifukwa cake cipinda ca oyendetsa cinaikidwa pamwamba, kuti mphuno izitseguka polowetsa katundu.

A Trippe anapuma pa nchito mu 1968, ndeke yao isanauluke. Inauluka koyamba pa 9 February 1969, ndipo ulendo woyamba wa okwera unacoka ku New York kupita ku London pa 22 January 1970. Unacedwa maola angapo cifukwa injini ina inatentha, nabweretsa ndeke ina. Ndeke yolowa m'maloyo ndiyo inaonongeka pa ngozi ya ku Tenerife mu 1977, pomwe ma 747 awiri anagundana pa bwalo, nafa anthu 583.

Masamu a a Trippe anali ndi msampha wake. Ndeke ya mipando yoposa 350 imapindulitsa ikadzaza. Ikapanda kudzaza, mainjini ake anayi amamwa mafuta cimodzimodzi. Jumbo inafika cuma ca America citayamba kulowa pansi, ndipo mu 1973 mitengo ya mafuta inakwera koopsa. Makampani ena anacotsa mipando naika piyano ndi malo omwerapo, cabe cifukwa panalibe okhalapo. Pan Am inali ndi vuto loposa anzake: inalibe maulendo a mkati mwa America oti azisonkhanitsa anthu odzaza ndeke zake zazikulu. Inataya ndalama zaka zotsatizana. Lamulo la 1978 lomasula mpikisano linaonjeza makampani olimbana nayo, ndipo kugula National Airlines mu 1980 kunangokulitsa nkhongole.

A Trippe anaona ciyambi ca kugwa kumeneku. Anamwalira ku New York pa 3 April 1981 atadwala sitiroko, ali ndi zaka 81. Pambuyo pake Pan Am inagulitsa maulendo ake a ku Pacific ku United, inataya 747 ina pa bomba la ku Lockerbie mu 1988 lomwe linapha anthu 270, ndipo inatsekedwa pa 4 December 1991.

Ndekeyo inakhalabe, ndipo inacitadi cimene mwini ganizo anafuna: mamiliyoni a anthu wamba anaoloka nyanja. Cimene cinaigwetsa si Concorde ayi, koma ndeke zocepa. Kuyambira mu 1985 malamulo analola ndeke za mainjini awiri kuuluka kutali ndi mabwalo oterapo mwadzidzidzi. Boeing 777, kenaka 787 ndi Airbus A350, zinayamba kufika kulikonse ndi mafuta ocepa, ndipo n'zosavuta kudzaza. Wokwera nayenso amakonda kupita molunjika kusiyana ndi kusinthira ndeke pa bwalo lalikulu.

Airbus inayesabe ganizo loyamba la a Trippe, la nyumba ziwiri zosanjikizana, pa ndeke ya A380 imene inayamba nchito mu 2007. Inapereka ndeke 251 cabe, pafupifupi theka lake ku Emirates, nileka kuzipanga mu 2021. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, British Airways, Qantas ndi KLM analeka kunyamula anthu pa 747. Boeing inapanga ndeke 1,574 za mtunduwu, ndipo yotsiriza inaperekedwa pa 31 January 2023 ku Atlas Air. Inali yonyamula katundu, yotseguka mphuno.