Malemu John Moir, Mwini Dzina la Mandala

Ambiri a ife timadutsa pa Mandala tsiku ndi tsiku popita ku Limbe kapena pobwerera m'tauni, koma ndi angati amene tikudziwa kuti dzinali linali la munthu?

Munthuyo anali John Moir, mzungu wa ku Scotland, wobadwa m'chaka cha 1851 mumzinda wa Edinburgh. Iye ndi mng'ono wake Fred anafika kuno mu 1878 kudzayendetsa kampani yamalonda imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes. John ankavala magalasi a m'maso amene ankanyezimira padzuwa, ndiye makolo athu anangomupatsa dzina loti Mandala. Basi dzinalo linakakamira kampaniyo, masitolo ake amene agogo athu ankagulamo nsalu ndi mchere, mpaka dera lonselo.

Mu 1882 anamanga nyumba ya Mandala. Ndi yosanja, ya njerwa ndi dothi, ndipo ili ndi khonde lalikulu lotchinga dzuwa ndi mvula kuti zipupa zisanyowe. Palibe nyumba ina ya mtundu wachizungu m'Malawi muno yakale kuposa imeneyi. Pa nthawi za nkhondo azungu ankathawira m'bwalo lake. Tikaona mmene nyumba zina za simenti zikung'ambikira masiku ano zisanathe n'komwe zaka khumi, timavula chipewa kwa amisiri akuda amene anaumba njerwazo, ngakhale mabuku amangotchula bwana wawo.

Koma mbiri ya Mandala siyoyera paliponse ayi. Kampaniyo inkalalikira kuti yabwera ndi malonda abwino othetsa ukapolo, chonsecho ku Karonga inkagula minyanga ya njovu kwa Mlozi, Mswahili wogulitsa akapolo. Mlozi anali Msilamu, sitibisa, ndipo zimene anachitira Ankhonde sitingaziikire kumbuyo. Koma paja amene ankamugula minyangayo ankadziwa bwino lomwe ntchito zake. Ubwenziwo utasokonekera mu 1887 kunabuka nkhondo, ndipo John ndi Fred yemwe anavulazidwa ndi zipolopolo pa nkhondoyo. Mlozi anadzanyongedwa mu 1895 pa ulamuliro wa Harry Johnston.

Atasiya kampaniyo, John anakakhala mlimi pa esiteti ya Lauderdale ku Mulanje. Kenaka anabwerera kwawo, kumene anamwalira mu 1940.

Boma linaika nyumbayi m'gulu la malo osungidwa a mbiri ya dziko, ndipo bungwe la Society of Malawi linasungamo mabuku ndi zithunzi zakale m'zipinda zam'mwamba. Makolo, tchuthi chino tengani ana akaione.