Donald Kachamba, Woimba Chitoliro wa ku Chileka

M'zaka zimene amuna a ku Dedza, ku Ntcheu ndi m'maboma ena ankapita ku Joni ndi ku Halale kukafuna ntchito, pobwera sankanyamula njinga ndi mabulangete okha ayi. Ena ankabweranso ndi gilamafoni ndi mbale zake, ndipo m'mbalemo munali maimbidwe achilendo otchedwa kwela. Ambiri anangovina naiwala, koma Donald Kachamba wa m'mudzi mwa Singano ku Chileka, m'boma la Blantyre, anagwiritsa maimbidwewa kufikira tsiku la imfa yake.

Mbiri ya munthuyu siingamveke bwino popanda kuyamba ndi gwero la nyimbo zake. Ukapolo utatha ku United States m'chaka cha 1865, ana ndi adzukulu a akapolo ochokera ku Afirika anapitirira kulima thonje movutika kumwera kwa dzikolo. Pakati pawo panabadwa nyimbo zodandaula zotchedwa blues, zimene woimba amapinda mawu ena, kuwatsitsa pang'ono, kotero kuti amamveka ngati kubuula kwa munthu wolema. Pa tsinde limeneli panaphuka jazi, ndipo lipenga lotchedwa saxophone linasanduka limodzi la mawu ake akulu.

Mbale za jazi zitafika ku Johannesburg, anyamata a m'makomboni anakhumba kuimba chimodzimodzi, koma ndalama zogulira saxophone analibe. Tsono anagula zitoliro zachitsulo za mabowo asanu ndi limodzi, zimene zinali zoseweretsa ana, nayamba kuziliza m'misewu. Umu ndimo kwela anayambira. Mmodzi wa akatswiri ake, Spokes Mashiyane, anatchuka m'chaka cha 1954 ndi nyimbo yotchedwa Ace Blues, dzina losonyeza poyera kumene mtima wa anyamatawo unali. M'chaka cha 1958 Mashiyane anayamba kuimba saxophone, anzake namutsatira, ndipo pasanapite zaka zambiri chitoliro chinazilala m'dziko lomwe chinatchukira.

Donald anabadwa m'zaka za m'ma 1950, ali mng'ono wake wa Daniel Kachamba, amene anabadwa m'chaka cha 1947. Banja lawo linakhalako ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo kumeneko anyamata awiriwa anamva kwela ali pachimake. Atabwerera kwawo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anakhazikitsa gulu lawo. Daniel ankaimba gitala, Donald akali mwana ankaliza chitoliro, ndipo anzawo ankathandiza ndi maseche ndi babatoni, ndiye bokosi lija la ndodo ndi chingwe chimodzi limene limapereka mawu aakulu a pansi. Ankaimba m'misewu ya Blantyre ndi m'malo achisangalalo, nalandira timakobiri ta anthu odutsa.

Luso la Donald linali pa kagwiridwe ka chitoliro. Woimba kwela sachigwira molunjika monga achitira mwana wa sukulu. Amachilowetsa kwambiri m'kamwa chopendekera ku tsaya, kuti m'kamwamo muzikuza mawu. Potero chitoliro chimalira mokweza, ndipo woimbayo akatseka bowo mwatheka amatha kupinda mawu monga achitira woimba blues. Pansi pake gitala amangobwereza mzere umodzi waufupi, ndipo mwini chitoliro amayenda pamwamba pa mzerewo momasuka, napeka zatsopano nthawi iliyonse. Kupeka kwa pomwepo kumeneku ndiko mtima wa jazi.

M'chaka cha 1967 ku Blantyre kunafika Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna m'dziko la Austria, amenenso anali woimba jazi pa chitoliro chachikulu chotchedwa clarinet. Atamva anyamatawa anawajambula mawu ndi kanema, nalemba buku lonena za gulu lawo. Zipatso za kukomana kumeneku zinaoneka m'chaka cha 1972, pamene abale awiriwa anakaimba kum'mawa kwa Afirika ndi ku Ulaya. Pambuyo pake aliyense anatsata njira yake. Daniel anatchuka kwambiri pa wailesi ya MBC ndi gitala wake, kufikira anamwalira m'chaka cha 1987. Donald anakhala ndi gulu lakelake, momwe Kubik analowamo monga woimba wamba pansi pa utsogoleri wake, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi wa ku Singano komweko. Mzungu wophunzira kwambiri anavomera kulangizidwa ndi mnyamata wa kumudzi, pakuti mlendo safunsidwa madigiri pa bwalo la gule.

Gululi linayenda maiko ambiri, likuimba kwela, simanjemanje ndi sinjonjo. Donald anaphunziranso clarinet ndi gitala, napeka nyimbo zake m'Chichewa. M'chaka cha 1994 kampani ya ku France ya Le Chant du Monde inatulutsa chimbale chake chotchedwa Concert Kwela. Pa nthawiyo n'kuti oimba chitoliro m'kaimbidwe kakale kaja atatsala owerengeka, ngakhale ku South Africa komwe.

Chaka cha 1999 chinali chachikulu pa ntchito yonseyi. Kubik anasindikiza buku lotchedwa Africa and the Blues, mmene anafotokoza kuti mizu yambiri ya blues ili m'madera a udzu a kumadzulo ndi pakati pa Afirika, kumene munthu amaimba yekha ndi choimbira cha zingwe, osati makamaka m'ng'oma za m'mphepete mwa nyanja. Chaka chomwecho Donald anaitanidwa ku yunivesite ya California ku Los Angeles kuti akaphunzitse. Ophunzira a kumeneko anakhala pansi naphunzira kwa iye kagwiridwe ka chitoliro ndi kaimbidwe ka gitala, ndipo zimene anaimba pamodzi zinasungidwa pa chimbale chotchedwa Donald Kachamba at UCLA: Fall 1999. Motero nyimbo imene mizu yake inachoka ku Afirika ndi akapolo, nibwerera pa mbale za gilamafoni kudzera ku Joni ndi ku Halale, inawolokanso nyanja m'manja mwa Mmalawi. Donald anamwalira m'mwezi wa Januwale 2001, ndipo anzake anapitiriza gulu lake m'dzina lake lomwelo.

Pali chinthu chimodzi chimene aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ayenera kuchilingalira. Zambiri zodziwika za abale awiriwa zinapulumuka chifukwa munthu wina anaima pamsewu, namvetsera, nalemba. Ikadapanda ntchito imeneyo, luso lawo likadapita nawo kumanda, monga lapitira la oimba bangwe, kaligo ndi banjo ambiri m'midzi ya kumapiri a Dedza ndi kwina konse. Mwana amene akukhoma chigubu ndi waya kuseri kwa sukulu asathamangitsidwe msanga, ndipo nkhalamba yodziwa nyimbo ilembedwe ikali moyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.